Wanga!

Amalume anga a Rogers, mpira ukangopita m'mwamba, amayamba avula chipewa. Amati amauona bwino akatero. Amaima pakapinga, chipewa kudzanja lamanja, gulovu kumanzere, nkhope kumwamba ngati akulandira mlendo wolemekezeka. Mlendoyo amafikira pansi, pafupi ndi nsapato zawo.

Ndi iwo anayambitsa timu yathu ya besibolo, Njati za ku Croydon, ku London. Timasewera mu ligi ya pansi penipeni, Amalawi ndi a ku Zambia, amuna ndi akazi pamodzi. Chaka chino tinapambana kawiri. Kamodzi mwa kawiriko anzathuwo sanabwere chifukwa sitima sizinkayenda.

Mu besibolo, mpira ukamenyedwa m'mwamba, amene ali pabwino kuuwakha amakuwa kuti "Wanga!" ndipo ena onse amapatuka. Basi. Koma ife amene tinakula tikugwadira akulu, ndani angakuwire munthu wa imvi kuti apatuke? Ine ndimaima kutali pakati pa bwalo, amalume kumanzere kwanga. Chilimwe chonse ndinkathamanga mpaka kufika pansi pa mpira, n'kuona chipewa chavulidwa, n'kubwerera m'mbuyo. "Tengani, amalume." Phu! Matimu ena anazindikira msanga, n'kumamenyera komweko.

Pa gemu yomaliza ndinatopa nazo. Mpira unakwera, ine ndinakuwa mpaka agalu a m'paki anatembenuka. Ndinauwakha. Koma amalume sanapatuke, phewa langa linawagunda, ndipo anakhala pansi miyendo m'mwamba, azungu akuonerera. Tinagonjabe.

Loweruka lotsatira tinakumana mu holo ya tchalitchi kutsekera chaka. Amalume anaimirira n'kuyamba kutamanda Marvin, mnyamata wa magalasi akuda amene anamenya mpira mpaka kunja kwa bwalo kamodzi mu Meyi, chinthu chotamandika mu besibolo, ndipo kuyambira pamenepo ankabwera akafuna. Zithunzi zonse za timu ndi za iye.

Kasuba sanatchulidwe. Mtsikana wa ku Lusaka ameneyu ndi amene amanyonyomala kumbuyo kwa womenya n'kumawakha mipira, ndipo ntchafu zake zatha chilimwe chonse zili zotupa. Effie sanatchulidwe, amene amachoka pa shifiti ku chipatala ku Edmonton, kudutsa London yense pa sitima ndi thiramu, kasitima ka mumsewu, n'kuvalira yunifolomu m'chimbudzi cha paki. Ngakhale Vitu. Vitu sanamenyepo mpira chaka chonse, koma mpira unkamumenya iye, ndipo lamulo limalola womenyedwa kupita patsogolo. Anatipezera mapointi ndi nthiti zake.

Amalume atakhala pansi, akazi awo a Beatrice anandikodola.

"Winfrida, amalume ako akudikira."

"Akudikira chiyani, anti?"

"Usandiyankhe ngati sukudziwa. Upepese pamaso pa onse. Apo ayi, dzina lako chaka chamawa palibe."

Ndinawayang'ana amalume. Ndi iwo anandilandira ku eyapoti nditangofika, ndinagona pa sofa yawo nyengo yozizira yonse, ndipo gulovu yanga yoyamba anagula ndi iwo. Timu iyi ndi Lamlungu langa. Sabata yonse ndimatembenuza okalamba pabedi n'kumamwetulira abwana. Pabwalo pokha ndi pamene ndimathamanga chifukwa ndafuna ndekha, ndikumva Chichewa mbali zonse.

Ndinaimirira.

"Amalume, za phewa zija pepani. Sindinafune kukugwetsani."

Anagwedeza mutu, chipewa chili pabondo. "Zatha, mwana wanga."

"Koma ndifunseko. Chaka chamawa mpira ukapita m'mwamba, ndikuwe kapena ndisakuwe?"

Wina anasiya kutafuna samusa.

"Ukuwe," anatero amalume. "Koma mwaulemu."

Kasuba anaseka mpaka kutsamwa. "Manje azikamba bwanji? Odi, ba ankolo, nipemphako bola ngati simuisebenzetsa?"

"Iwe Kasuba!" anatero a Beatrice.

"Nifunsa chabe, ba anti. Bola siyembekeza moni."

Vitu anabisa nkhope m'mbale. Amalume sanaseke.

"Timu iyi sindinaiyambitse kuti tipambane chikho," anatero. "Ndinafuna kuti tikhale ndi kwathu kuno. Kuchipatala amatikuwira, pa basi amatikuwira. Pano pokha mwana azidziwa mkulu."

Sankanama. Ndiye chinandipweteka kwambiri n'chimenecho. Koma ndinayang'ana Effie, akusinza pampando ndi nsapato zakuntchito kumapazi, ndipo ndinaganiza za ulendo wake wonse uja, kudzaonerera mpira ukugwa pansi mwaulemu.

"Ndiye muime pena, amalume. Pafupi, pamene mipira siibwera m'mwamba."

"Malo aja ndi anga kuyambira tsiku loyamba."

"Ndamva."

Sindinakangane nawo. Ndinathandiza kupinda mipando, n'kutsuka mbale. Pa siteshoni ya thiramu Effie anandiuza kuti ku Finsbury Park kuli timu imene ikufuna osewera, ndipo amayeserera ngakhale nyengo yozizira.

"Kulibe wolankhula Chichewa," anatero. "Ndipo amatukwana."

"Amawakha?"

"Amawakha."

"Nanga iwe?"

"Ndi kufupi ndi kwathu, achemwali. Ndimangochita manyazi kuchoka ndekha."

M'mawa mwake ndinachapa jezi ya Njati, kuisita, n'kuipinda bwinobwino kuti ndikawasiyire amalume ndikamapita kukawaona, chifukwa kukawaona sindisiya. Kenako ndinatsitsa chikwama pamwamba pa wadirobu. Ndinalongedza gulovu, nsapato za minga, botolo la madzi ndi juzi yamphepo. Foni inalira, anali a Beatrice. Ndinatseka zipi kaye ndisanayankhe.