Phulusa la a Hector Mulgrew

Mayi Morag atatsegula chitseko anapeza poto wina wa supu ali pansi. Womusiyayo anali atatsika kale masitepe, ndipo ali pansipo anakuwa kuti, "Wadya soseji yanga ndani?" Mawu ake anathera m'misozi.

Chimwalirireni a Hector Mulgrew, anthu onse a mumzinda wa Glasgow ankangofunsa funso limeneli. Ndi mawu amene a Hector ndi anzawo a Lachie Strang ankatsekera sewero lawo lanthabwala pa kanema. Oyendetsa mabasi ankawanena, ngakhalenso ana obadwa sewerolo litatha kale. Aliyense anali ndi Hector wake. Wa Mayi Morag, mkazi wawo, anali bambo wachete, wokhala pakona ya khitchini mpaka tiyi kuzizira, woyankha "eya" pa chilichonse.

Masana a Lachie anafika jekete itanyowa ndi mvula. Ishbel, mwana yekhayo wa malemuwo, ndiye anawaitana, ndipo nkhani inali ya phulusa. Mayi Morag ankafuna kukalikwirira ku chilumba cha Arran, pambali pa manda a apongozi awo. Ishbel ankati theka likawazidwe mumtsinje wa Clyde, a Lachie alankhule, akanema ajambule, anthu atsanzike.

"Amayi, bambo sanali athu tokha."

"Sanali anga n'komwe," anatero Mayi Morag. "Tsono ndi phulusa lomwe ndigawanenso ndi Lachie?"

Ishbel anatola ambulera nati akukaonana ndi abusa. Chitseko anachitseka mwamphamvu.

Awiriwo anatsala osayang'anana. A Lachie akanena kanthu ankatembenukira kumanzere, ngati pali wina woti amalize. Mayi Morag anawauza zonse zimene anasunga kwa zaka zambiri: kuti mwamuna wawo ankapita kuntchito ndi nthabwala n'kubwerako pakamwa pali pouma, kuti madzulo a chaka chatsopano dziko lonse linkaseka naye iwo akudya okha.

A Lachie sanatsutse. Anati phulusalo sakulifuna, za kumtsinjezo ndi za Ishbel. Iwo anabwera chifukwa kwawo kunalibe wokangana naye. Kenaka anapempha kuti ayatse kanema, pakuti sabata imeneyo akanema ankabwereza masewero akale. Mayi Morag anati ayatse ngati akufuna. Iwo analeka kalekale kuonera, Ishbel ali wakhanda, chifukwa zinkawawawa kuona bambo wa m'nyumba mwawo akucheza chotero ndi anthu ena.

Pa kanemapo panaoneka amuna awiri atakhala pabenchi podikira basi, tsitsi likadali lakuda. Lachie wachinyamatayo anayang'ana mnzake nati, "Iwe, tsiku lomwe udzafe ndidzadziwa bwanji? Udzangokhala chete ngati lero lomwe."

Anthu oonerera sewerolo m'holo anafa nalo phwete. Mayi Morag anaika kapu pansi.

"Amenewo ndi mawu anga. Ndinamuuza pompano, ndikusita malaya ake."

"Onani dzanja lakelo, alamu."

Pa kanemapo a Hector anali kukoka khutu lawo lakumanja, nkhope ili gwa.

"Mawu akakhala anu ankatero," anatero a Lachie. "Ankabwera nawo m'mawa, n'kundipatsa ine kuti ndinene, ati iye akanena aphulika kuseka. Ankati m'Scotland monse mulibe munthu woseketsa kuposa Morag."

"Bwanji sanandiuze?"

A Lachie anazunguza chipewa chawo m'manja kwa kanthawi.

"Ankayesa mumaonera."

Panja mvula inali isanakate. Mayi Morag anakokera mpando pafupi ndi kanemayo, navala magalasi awo. Basi ija inali isanafikebe. Lachie wachinyamata anadandaula za mtengo wa batala, anthu naseka, ndipo Hector anayang'ana molunjika m'khitchinimo n'kukokanso khutu.