Chiyamiko cha Mayi Ukai

Mayi Ukai anali atawerama pakhomo ndi chopanira m'manja, akutola mafupa a nkhuku, zotsalira za ndudu ndi timakapu ta khofi, pamene Bambo Kashimoto anatulukira ndi makwerero paphewa. Linali tsiku lachisanu ndi chinayi chiyatsireni bamboyo magetsi a Khirisimasi panyumba pake, ndipo m'mawa uliwonse kamsewuko kankadzuka ngati pamsika anthu ataweruka. Pakhoma la Mayi Ukai, pansi pa zenera penipeni, panali chinyontho chimene mphuno inkachidziwa maso asanachione.

"Mwadzuka bwanji a neba? Munawaona anthu aja dzulo? Mpaka a wailesi ya kanema anabwera," anatero Bambo Kashimoto, nkhope ili ngwee.

Mayi Ukai anaweramuka, nawerama pang'ono mwaulemu, namwetulira.

"Nyumba yanu ikuwala bwanji, bambo. Kwathu masiku ano sitikuyatsanso nyale."

Munthu wobadwira kuno ku Kyoto akanamva mawu amenewo akanathamanga kukathimitsa, n'kubwera ndi mphatso yopepesera. Kwathu kuno munthu akakuyamika uzifufuza pamene walakwa. Akati mwana wako amaimba bwino, ndiye kuti akusokosa. Koma Bambo Kashimoto anali a ku Osaka, kumene munthu amalavula chimene chili pamtima, ndipo anali atangosamukira kumene mumsewumo atapuma pantchito yawo ya zamagetsi. Anaseka mpaka nkhama kuoneka, nakwera makwerero kukawonjezera mababu ena mazana awiri.

Nyumbayo inali itasanduka chinthu chosayenera kukhala pakati pa anthu. Denga, mipope ya madzi a mvula, ngakhale bokosi la makalata, zonse zinali zitakulungidwa ndi nthambo. Agwape atatu a waya ankagwedeza mitu. Fada Khirisimasi wapulasitiki ankakwera khoma ngati mbala, ndipo kanyimbo kamodzimodzi kankabwereza kuyambira dzuwa litangolowa mpaka anthu atatopa okha. Wina atangoika chithunzi pafoni, khamu linayamba kutsika sitima. Ankabwera awiriawiri atagwirana manja, kudzajambula, kudzadya, kudzataya. Anthu omwewa kwawo amatsuka ngakhale botolo asanalitaye, koma mumsewu wa eni ankasiya ulemu kusiteshoni.

Zinyalala Mayi Ukai akanazipirira. Vuto linali amuna awo. Bambo Ukai, amene anapaka utoto nsalu za zovala zaukwati zaka makumi anayi, anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha, ndipo bedi lawo linali m'chipinda chakumaso chifukwa kuchipinda chapamwamba sakanatha kukwerako. Nyumba zakale za kuno zilibe bwalo, zenera lili pamsewu penipeni. Kuwala kofiira ndi kobiriwira kunkaboola katani n'kumavina padenga. Mkuluyo sankagona. Masana ankangosinza, phala likuzirala pa supuni, ndipo masaya anali atayamba kulowa.

Mwana wawo Kayoko anabwera Lachitatu kuchokera ku Nagoya. Atawaona bambo ake sanavule n'chikhoto chomwe. Anauza mayi ake kuti kunyumba ina yosungirako okalamba kwapezeka malo, ndipo akufuna yankho Lolemba.

"Bambo ako sachoka m'nyumba muno," anatero Mayi Ukai.

"Ndiye kawauzeni a Kashimoto athimitse."

"Ndinawauza."

"Munawauza kapena munawayamika? Amayi, ndimakudziwani. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma kuunako kukufera bambo, osati inu."

Mayi Ukai anayankha kuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo munthu woleredwa sangakaime pakhomo pa mnzake n'kumuuza kuti chinthu chako chikunyansa. Kayoko anati aviike mmene angathere, iye Lolemba abwera ndi galimoto.

Mawa lake Mayi Ukai anagula timakeke ta nyemba, natikulunga bwinobwino, nawoloka msewu. Anakhala pakhomo pa Bambo Kashimoto mphindi khumi akukamba za kuzizira. Pomaliza anati amuna awo akuwaonera magetsiwo usiku wonse osaphethira. Kwa iwo kumeneko kunali kukalipa kotheratu. Madzulo ake panali nyenyezi yatsopano, yaikulu ngati thayala la njinga, italoza pazenera lawo.

"Imeneyi ndi ya madala," anakuwa Bambo Kashimoto ali pamakwerero. "Odwala amafuna chowasangalatsa."

Anthu a mumsewumo onse anali otopa nazo. Mayi Hatta, oyandikana ndi a Ukai kumanzere, ankang'ung'udza tsiku lililonse potaya zinyalala kuti maluwa awo apondedwa ndiponso kuti mdzukulu wawo akulephera kuwerenga. Koma akakumana ndi mwini magetsi ankawerama n'kunena kuti kamsewu kathu katchuka. Aliyense ankadikira kuti wamva m'mimba ndiye atsekule chitseko.

Loweruka anthu anachuluka kuposa masiku onse. Nthawi inali isanakwane n'sikisi yomwe koma njinga sikanadutsa. Mayi Ukai anali kuwasintha amuna awo thewera, ntchito imene ankaigwira mwakachetechete, maso ali kumbali, kuti mkuluyo asachite manyazi. Kunja mnyamata ndi mtsikana ankabwerera chambuyo kuti nyumba yonse ya magetsi ikwane m'chithunzi, mpaka misana yawo inagunda zenera. Katani anali atasiya kampata. Mtsikanayo anatembenuka, nasuzumira.

"Iii, taona agogo awa," anatero, akutseka mphuno ngakhale kuti galasi linali lotseka.

Mnyamatayo anaseka, nakweza foni.

Bambo Ukai anaona. Sanathe kudzifunditsa chifukwa dzanja lamoyo linali litapanikizika pansi pawo. Anangotsinzina, msozi n'kutsikira m'khutu, nkhope yawo ikusintha mitundu ndi nyenyezi ija. Mayi Ukai ananyansidwa ndi ana aja, ndi khamu lonse, ndi agwape ogwedeza mitu. Koma koposa ananyansidwa ndi timakeke tawo ta nyemba.

Anawafunditsa amuna awo, nasamba m'manja, natuluka ndi masilipasi a m'nyumba. Anadutsa pakati pa anthu osapepesa aliyense. Pambali pa chitseko cha Bambo Kashimoto panali bokosi limene nthambo zonse zinkakumanamo. Anagwira chingwe chachikulu ndi manja awiri, nachizula.

Mdima unagwa kamodzi, kanyimbo kaja n'kufera pakati. Kenaka phokoso. Wina anafunsa ngati agogowo apenga. Wina anati iye wakwera sitima maola awiri, ndani amubwezere tsiku lake. Mayi wina wonyamula mwana anati anthu okalamba a masiku ano alibe mtima. Mafoni onse amene ankajambula nyumba anatembenukira kwa Mayi Ukai, akuwawalitsa kumaso.

Bambo Kashimoto anatuluka akutafuna, timitengo todyera tili m'manja.

"Kodi fyuzi yapsa?"

"Ndazula ndine," anatero Mayi Ukai. Mawu awo anatuluka aakulu mwakuti iwo eni anadabwa. "Magetsi anuwa ndi onyansa. Amuna anga sakugona masabata awiri. Anthu anuwa akukodza pakhoma langa, ndipo lero awajambula amuna anga ali maliseche. Mukayatsanso, Lolemba akawasiya kunyumba ya okalamba."

Bamboyo anameza chimene ankatafuna.

"Mayi, nanga bwanji osanena?"

"Ndinanena kawiri."

"Munati akuwala bwino."

"Eya."

Anayang'anizana kanthawi, wina osamvetsa mnzake ngakhale pang'ono. Kenaka Bambo Kashimoto anawerama mpaka mutu kufika m'mawondo, nakhala choncho nthawi yaitali. Ataweramuka anatembenukira khamu lija ndi pakamwa pa ku Osaka. Anawauza kuti chionetsero chatha, azipita akakodze kwa amawo, ndipo yemwe wajambula munthu wodwala afufute pompo asanamudyetse foniyo. Mnyamata uja anali atazemba kale.

M'mawa mwake agwape anali atagona chagada pakhomo, nthambo zikukulungidwa. Bambo Kashimoto anali atatsuka kale khoma la Mayi Ukai ndi burashi, ndipo sanathe kuwayang'ana kumaso. Kanema wa gogo wolusa wa ku Kyoto anali atazungulira m'mafoni, anthu osawadziwa akuwatukwana kuti aba Khirisimasi ya ana.

Mayi Ukai anatuluka kukataya zinyalala. Pamalo otayira anapeza amayi anayi a mumsewumo, amene kwa nthawi yoyamba m'masabata awiri anagona tulo tabwino. Nkhani inaduka iwo atangofika. Mayi Hatta anawerama, namwetulira.

"Mayi Ukai, muli ndi mawu amphamvu bwanji. Tinakumvani mpaka kukhitchini."

Enawo anavomereza kuti inde, mawu omveka bwino zedi.

Mayi Ukai anabadwira mumsewu womwewo, ndipo sanafunikire womasulira. Anadziwa kuti kutiyi wa chaka chatsopano sadzaitanidwa, ndi kuti nkhani ya masilipasi aja idzakambidwa mpaka pamaliro awo. Anawerama, nathokoza, naika thumba lawo pamulu.

Atalowa m'nyumba anapeza amuna awo akadali mtulo, kukamwa kuli yasa, dzuwa litakwera kale. Sanawadzutse. Anaika phala pamoto wochepa, natenga foni kukaimbira m'khitchini, chitseko atatseka.

"Kayoko, uwauze anthu aja malowo apatse wina."