Maliro a Velina pa Linga la Mafumu

Mvula ya ku Sikotilandi sigwa, imangolendewera. Ilibe bingu, ilibe mphezi, ilibe fungo la dothi. Kumwamba kuli bii, nyumba zamiyala zili bii, msewu uli noninoni ngati wapakidwa mafuta.

Mayi Kambalame anabwera kuno ndi amuna awo, Abusa Kambalame, atapuma kale pa ntchito. Mpingo unawapempha kuti akathandize tchalitchi china chimene anthu ake anatha, ndipo iwo anavomera ndi mtima wonse. Anaphunzira kuvala juzi pamwamba pa juzi, anaphunzira kupereka moni kwa anthu oyankha ndi mutu wokha. Lamulungu lililonse ankaimbira mabenchi, nkhalamba zochepa zitakhala patalipatali ngati zinayambana. Zonsezo anapirira.

Koma tsiku lina ku Ntcheu ankaika m'manda Velina, mng'ono wawo wobadwa nawo bere limodzi. Uthenga unafika pa foni, ulendo ndi wautali, maliro sakanadikira. Abusa anangoti, "ANankhoma, tilimbe mtima. Ntchito ya Ambuye ndi imene yatisunga kuno." M'mawa wa tsiku la malirolo Mayi Morag, mkulu wa mpingo wamtima wabwino, anafika ndi galimoto kudzawatenga kuti akaone linga lakale la mafumu pamwamba pa phiri. Akuti mwina aiwalako.

Aiwalako! Mawu amenewo ankawatentha m'chifuwa njira yonse. Aiwale Velina amene anam'bereka kumsana mpaka msana kuuma. Aiwale Velina amene anawasokera chilundu chaulendo uno, akuseka kuti, "Achemwali, mukaziona chisanucho musakathawe." Anakwiyira nkhosa zonenepa zimene zinkadya msipu osadziwa kanthu. Anakwiyira mapiri obiriwira pachabe. Anakwiyira ukoma mtima wa Mayi Morag, chifukwa munthu wokoma mtima sungam'kalipire. Ndipo koposa zonse anakwiyira khosi la amuna awo, limene linkagwedezera mutu mwaulemu pa chilichonse chimene ankaonetsedwa.

Pa lingapo anthu anali piringupiringu, maambulera ali pamwamba, mafoni ali m'manja. Mnyamata woonetsa alendo ankalongosola za mafumu amene anafa kalekale: uyu anafera apa, uyu anaikidwa apo, uyu anam'lira dziko lonse. Mayi Kambalame anamva magazi akuwira. Mafupa a eni ake anaola kale koma akuwatchulabe maina. Velina wafa dzana, ndipo mkulu wake ali pano, nsapato kuphazi, akuyang'ana miyala.

Kumudzi nthawi imeneyo dzuwa linali phwee. Amayi anali atakhala pansi m'siwa, adzukulu atabwerako kokumba manda, fumbi lofiira lili kobo m'njira ya kumasano. Malo a mkulu wa malemu, pafupi ndi mutu wa bokosi, anali mbee.

"Sekererani pang'ono, aNankhoma," anatero abusa, atakweza foni kuti awajambule.

Chinachake chinaduka mumtima. Mayi Kambalame anatsegula chikwama, natulutsa chitenje, nachimanga pamwamba pa jasi. Anavula nsapato. Anakhala pansi pamiyala yonyowa, miyendo tambalale, manja kumutu.

"Velina iwe! Mayo ine, Velina! Wandisiya ndi yani?"

Mawuwo anagunda khoma, nabwerera, nagundanso. Woonetsa alendo anasiya chiganizo pakati. Mafoni anatsika. Bwalo lonse linangoti zii, kungotsala mvula ndi kulirako.

Abusa anawerama, nanong'ona, "Anthu akutiona."

"Atione!" anayankha mayiwo, maso ali psuu. "Mwaika maliro a anthu zaka zanu zonse, bambo. Munayamba mwauza ndani kuti asekerere?"

Abusa anaima chilili, foni ili lende m'dzanja. Kenako anavula chipewa, nagwira khoma, natsika pang'onopang'ono, mawondo okalamba akulira, mpaka anakhala pansi pamadzi pomwepo. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Velina anali mlamu wawo, ndipo anali asanamulire.

Mayi Morag anapinda ambulera. Sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma anakhala pansi mbali inayo, nagwira phazi lozizira la mnzawoyo ndi manja awiri.

Mkwiyo sunathe. Unali pomwepo, wolemera ngati mwala wa lingalo. Mayi Kambalame anayang'ana amuna awo, imvi zitanyowa, thalauza la tchalitchi lili m'matope.

"Mwachedwa, bambo," anatero. "Koma yambitsani nyimbo. Akunyamula bokosi tsopano."