Doña Mawa ndi Khadi la Zithunzi

Dzina lakuti Doña Mawa, kutanthauza Mayi Mawa, linamugwera Nélida Tarqui mu Epulo, ndipo pofika mu Juni linali litamumata ngati chingamu kunsi kwa nsapato. Mayi wogulitsa buledi pakona ankamuitana choncho. Ngakhale dalaivala wa minibasi ya ku Villa Dolores, munthu wosadziwa n'komwe kuti kudula kanema n'kutani, anamufunsa tsiku lina kuti, "Mutsika lero kapena mawa?" Zaka khumi ndi zinayi Nélida anakhala akudula makanema a maukwati, a ubatizo ndi a magule mu mzinda wa El Alto, anthu akubwera kudzamufunsa ndi dzina. Zonsezo zinafufutidwa ndi kanema mmodzi amene anachedwa tsiku limodzi.

Kanemayo anali wa ukwati wa mwana wa doña Fermina Huanca, mayi wa mashopu atatu a mabulangete kumsika wa 16 de Julio, amene akalankhula m'mawa, masana nkhani imakhala itafika kutali ku Senkata. Amene anawapatsa chonena anali bwana wa Nélida yemwe, don Wilfredo Laime, mwini situdiyo. Anaima pakhomo manja ali m'thumba n'kuwauza mayiwa, amene ankaitanana nawo comadre ndi compadre, maina a ubale wa paubatizo, kuti, "Comadre, makina ndinagula apamwamba kuposa onse m'dera la Ceja lino. Koma makina sangathamangitse munthu wa manja olemera."

Makina ankanenawo anali khadi la zithunzi, chinthu chachikulu ngati njerwa, cha mafani atatu, chimene amalowetsa m'kati mwa kompyuta. Ntchito yake ndi kusenza katundu pa nthawi yorenda, pamene pulogalamu ikusonkhanitsa zidutswa zonse zimene munthu wadula, nyimbo ndi malemba omwe, kuti patuluke kanema mmodzi. Popanda khadi, katundu yenseyo imasenza pulosesa, ubongo wa kompyuta, yokha, ndipo imayenda ngati bulu pachitunda. Don Wilfredo analigula pa chikondwerero cha Carnaval. Analidonthezera mowa polidalitsa, analikulunga timapepala tamitundumitundu, n'kuitana a mashopu oyandikana kuti adzaone ndi maso awo. Nélida ndiye analilowetsa, kuika timapulogalamu toliyendetsa, n'kusankha mu pulogalamu yodulira kuti izirenda ndi khadi. Tsiku limenelo kanema wa maola awiri anapsa, kunena kuti anatha kurenda, pa mphindi makumi anayi, kompyuta ikumupumira mpweya wofunda m'mapazi. M'chipinda chozizira ngati chimenecho, Nélida anatsala pang'ono kumukonda bwana wake.

M'mawa mwake anapeza kaloko kakang'ono kumbuyo kwa bokosi la kompyuta, ndi nsalu yoluka pamwamba pake. Atatsegula pulogalamu, malo osankhira khadi aja anali otuwa, osadinika. Kanema wofanana ndi wa dzulo lake anatenga maola asanu ndi anayi.

Anachita zonse zimene munthu angachite atakhala pampando. Anachotsa timapulogalamu toyendetsa khadi n'kuika tatsopano, kenako n'kubwezera takale. Anachotsa pulogalamu yonse yodulira n'kuiikanso. Anaonera akatswiri a pa intaneti, aja amayamba ndi moni wa mphindi khumi, kupempha kuti uziwatsatira, n'kumaliza ndi kukuuza kuti udine pamalo omwe aja amene kwa iwe sakudinika. Pa mndandanda wa zipangizo zimene kompyuta ikuziona, khadi silinkaonekapo n'komwe.

"Don Wilfredo, vuto lili m'kati. Ndipatseni kiyi ndione."

"M'kati muli bwinobwino. Ukufuna ulowetsemo fumbi?"

"Kompyuta sikuliona khadi."

"Ine ndikuliona, ndinagula ndine. Iwe phunzira kudina."

Bamboyu asanakhale wopanga makanema, monga chinkanenera chikwangwani chake, anayendetsa minibasi zaka makumi awiri pakati pa Ceja ndi La Paz. Anali mmodzi wa aja amazimitsa injini potsetsereka, galimoto yodzaza ndi miyoyo ya anthu n'kumatsika phiri lonse mwakachetechete, iye akumwetulira kuti wapulumutsa mafuta okwana kapu. Rimoti ya TV yake inali m'pulasitiki. Mipando ya makasitomala inali m'pulasitiki, moti mlendo akadzuka inkalira mochititsa manyazi. Kamera sankadziwa kuigwira. Ntchito yake pa zikondwerero inali kuvala jekete lolembedwa dzina la situdiyo n'kumalandira mbale yachiwiri. Nélida ankamunyoza mumtima tsiku ndi tsiku osatopa, koma ankamuyesa chitsiru chosapweteka munthu.

Chaka chimenecho doña Fermina ndiwo anali preste, mwini chikondwerero cha chaka, wa gulu lawo lovina gule wa morenada. Chifanizo cha woyera wa gululo chinagona m'nyumba mwawo chaka chonse, iwo akudyetsa ndi kumwetsa ovina pa mwambo uliwonse. Loweruka la sabata imeneyo, 4 koloko madzulo, ankayenera kuchipereka kwa preste wa chaka chamawa, ndipo kanema wa chaka chawo anayenera kuonetsedwa pakhoma la holo pamaso pa anthu mazana asanu. Nélida anadziuza kuti kanema ameneyu ndiye achape dzina lake. Akatuluka pa nthawi yake, pakamwa pomwe panamudetsa padzamuyeretsa. Akachedwa, kuli bwino akagule ngolo ayambe kufinya malalanje pamsewu, chifukwa palibenso amene adzamupatse ukwati wa mwana wake.

Lachinayi m'mawa anapeza mabotolo anayi opanda kanthu pansi pa tebulo lake, chizindikiro chakuti ataweruka dzulo, compadre wina wa bwana anabwera kudzaonetsedwa chuma. Atayatsa kompyuta anamva phokoso limene anali ataliiwala, la mafani atatu. Malo otuwa aja anali amoyo. Anadina, n'kuyesa kachidutswa ka mphindi zisanu. Kanapsa iye asanamalize kuvula magolovesi.

Sanasangalale. Anakhala duu akuyang'ana kaloko kaja, chifukwa khadi lakufa silingadzuke lokha poti kwabwera alendo. Kanema wa doña Fermina anali asanathe kudulidwa, ndiye mwayiwo sunamuthandize kanthu. Poweruka anatenga kamera yaing'ono imene amaimangirira pachipewa cha wovina, anailumikiza kumagetsi, n'kuibisa pashelefu pakati pa mabokosi a ma DVD akale, diso lake litaloza pakompyuta.

Lachisanu malo aja anali atatuwanso. Pa nthawi ya nkhomaliro, bwana atapita kukadya, Nélida anaonera zimene kamera inaona. Nthawi inali 7 koloko m'mawa. Don Wilfredo analowa monyang'ama m'nyumba yake yomwe, kiyi ali m'manja. Anagwada movutikira, mimba itakhala pamaondo, anatsegula bokosi, n'kusolola kachingwe kamene kamapatsa khadi magetsi ake. Kenako analipukuta ndi mpango, n'kulisisita kawiri ngati mutu wa mdzukulu. Sikirini sinkadandaula masiku onsewa chifukwa chingwe chake chinali pa bolodi yaikulu, osati pa khadi. Kachingwe kamene kanamuchititsa manyazi Nélida miyezi itatu kanali kotalika ngati chala.

Anaonera katatu. Salteña yake, kachitumbuwa ka nyama ka nkhomaliro, inazizira papepala. Akanatha kumudikira bamboyu n'kumuonetsa pomwepo, koma kupepesa kwa m'chipinda kukanamuthandiza chiyani? Dzina linaipa kumsika, ndiye amene anayenera kuona anali mwini pakamwa. Anamaliza kudula madzulo, anasiya pulosesa ikukwawa ndi kanemayo, n'kupita kwawo.

Loweruka 10 koloko doña Fermina analowa, monga mmene Nélida ankadziwira kuti alowa, chipewa chatsopano chili pamutu, ndolo zagolide zikugwedera. Kanema anali atapsa. Anaonera mphindi khumi ali chiimire.

"Imika. Uyu akutani kutsogolo?"

"Ndi alamu anu, doña Fermina. Ndi amene ankatsogolera mzere wa amayi."

"Ndikumudziwa, sindinafunse kuti ndi ndani. Muchotse. Paliponse pamene waima kutsogolo kwanga, muchotse. Kanemayu ndi wanga kapena wake?"

Kuchotsa mlamu kunatenga ola lathunthu, chifukwa mayiyo anavina ndi mtima wonse ndipo anali paliponse. Nélida atadina kuti irendenso, pulogalamu inaganiza pang'ono n'kulemba kuti kwatsala maola asanu ndi anayi ndi mphindi khumi ndi ziwiri.

Doña Fermina anawerenga ndi zala. "Ndiye kuti 8 koloko. Anthu anga aziyang'ana khoma mpaka 8 koloko?"

Don Wilfredo anatambasula manja. "Comadre, ndimanena chiyani ine? Ndamulankhula mpaka malovu kuuma. Koma munthu ukamuchitira chisoni n'kumusunga..."

"Musanamalize, don Wilfredo, mayiwa aone kaye aka," anatero Nélida. Anatsegula kachidutswa kaja n'kukakulitsa sikirini yonse.

Onse atatu anaonera bamboyu akugwada, akusolola, akupukuta, akusisita. Makutu a don Wilfredo anasintha mtundu.

"Kachingwe kameneko ndi kamene kamapatsa khadi mphamvu," anatero Nélida. "Kakalumikizidwa, kanema wanuyu apsa pa mphindi makumi anayi. Wa ukwati wa mwana wanu uja akanapsanso chimodzimodzi. Sindinachedwe ine, doña Fermina."

Mayiwa anatembenuka thupi lonse, siketi zawo zikusesa mpando. "Compadre, n'zoona zimenezi?"

Don Wilfredo anakhosomola, anakonza lamba, kenako anaoneka kuti wapeza poponda.

"Comadre, chilichonse chili ndi makilomita ake. Munamvapo mmene mafani amenewa amalirira likamagwira ntchito? Limatentha ngati mbaula. Ndikalisiya m'manja mwa wantchito tsiku ndi tsiku, chaka chino sichitha lisanapse. Iyeyu adzangonyamula kachikwama kake n'kupita kwina. Wotsala ndi phulusa ndani? Ine."

"Analipangira kutentha komweko," anatero Nélida. "Si tayala ili."

Iye anadikira kuti mayiwa aphulike. Ankawadziwa bwino, anawajambulapo akutukwana woperekera zakudya kwa mphindi zisanu chifukwa cha supuni, ndipo mbali imeneyo anaidula yekha ndi manja ake.

Doña Fermina anagwedeza mutu pang'onopang'ono, koma osati mmene Nélida ankafunira.

"Nanenso atsikana anga a m'shopu sindiwalola kuyatsa mababu onse," anatero. "Munthu amene sanagule chinthu sachimvera chisoni." Kenako maso awo anapita pashelefu, pa mabokosi a ma DVD aja, n'kubwerera kwa Nélida. "Ndiye iwe umatchera abwana ako kamera? M'nyumba mwawo momwe? Mmm. Ine wotere sindingamusiyire ngakhale kiyi wa kuchimbudzi."

"Doña Fermina, ine ndimangofuna muone kuti..."

"Ndaona, mwana wanga, maso ndili nawo." Anakhala pampando, pulasitiki n'kulira. "Koma compadre, wanga yekhayu mulumikize. Enawo azidikira, si a preste."

Don Wilfredo anagwada kachiwiri, ulendo uno monyadira, ngati wansembe akutsegula kabati ya paguwa. Analumikiza kachingwe, anatseka bokosi, anakhoma loko, n'kuyesa kawiri ngati lagwira.

"Dina tsopano," anatero. "Koma mosamala."

Nélida anayatsanso kompyuta. Anatsegula pulogalamu, anapita pa zosankha, malo aja anali amoyo. Anasankha khadi n'kudina. Mafani atatu anadzuka, ndipo pa sikirini panalembedwa mphindi makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Bamboyu anaima pambali dzanja lili pabokosi, nkhope itakwinyika ngati munthu amene akumuzula dzino. Mphindi zingapo zilizonse ankawerama kununkhiza ngati china chikupserera.

Nélida anakhala manja ali pamiyendo, akuyang'ana kamzere kobiriwira kakuthamanga. Anawanyoza onse awiri mumtima, kuwanyoza kwenikweni. Koma kunyozako sikunamubisire zimene zinkabwera. Lamlungu kunali msika, ndipo pofika masana 16 de Julio yense adzakhala atamva nkhaniyi. Za kachingwe palibe amene adzazimvetse kapena kuzifunsa. Za kamera ya pashelefu aliyense adzazimva kamodzi.

12 koloko itangopitirira pang'ono, kanema anali m'fulashi. Doña Fermina anailandira osamuyang'ana Nélida, anaiponya m'chikwama, anakonza chipewa, n'kuima pakhomo pafupi ndi compadre wawo.

"Mwaona?" anatero. "Akafuna amatha kufulumira. Amangofunika munthu womuimirira kumbuyo."