Kanyundo ka Pakhosi pa Yonasi

Triza ankasambitsa Yonasi m'beseni kuseri kwa nyumba pamene Mayi Dorica, mkulu wa mpingo, anatulukira ndi ambulera yawo. Ankayendera makanda oti abatizidwe Lamulungu likudzalo. Maso awo sanachedwe kugwera pa kanyundo kachitsulo kamene kankalendewera pakhosi pa mwanayo.

"Nanga ichi, make Yonasi?"

"N'cha bambo ake."

"Chithumwa n'chithumwa, kaya chachokera kwa sing'anga wa ku Kabudula, kaya ku Ulaya. Abusa sathira madzi mwana wovala zotere. Mudule lisanafike Lamulungu."

Mwamuna wa Triza, Fabiano, anapatsidwa kanyundoko ndi mzungu wa ku Iceland amene ankakumba naye mijigo ku Nambuma. Chinali chaka chomwe mwana wawo woyamba, Kelvin, anamwalira ndi malungo, mpingo wonse utapemphera mpaka kusasa mawu. Chichokereni kumanda, Fabiano sanapondenso m'tchalitchi. Anayamba kutchula milungu yakale ya kwawo kwa mzunguyo: Odin wa diso limodzi, ndi Thor mwini ziphaliwali, amene nyundo yake akuti imadalitsa ana n'kupirikitsa zoipa.

Masana Fabiano anafika pa njinga yake yamoto ya kabaza kuchokera pa Nsaru, nsidze zili mbuu ndi fumbi. Asanadye anatunga thobwa m'chikho n'kukathira patsinde pa mkuyu wa pabwalo. Nsembe imeneyi ankaitcha bloti.

"Thobwa langa likunenepetsa nyerere," anatero Triza. "Kunabwera a Dorica. Akuti tidule kanyundo."

"Akadule za kwawo."

"Bambo a Yonasi, mwana alephere ubatizo chifukwa cha kachitsulo?"

"Kelvin anabatizidwa. Ali kuti?"

Fabiano anakhala pakhonde n'kutsitsa mawu.

"Tamverani, amayi. Kuli akazi atatu, Anorni, amakhala patsinde pa mtengo waukulu wonyamula dziko lonse. Mwana akamabadwa amabwera kudzapota ulusi wa moyo wake."

"Ine pochira kuchipatala kuja sindinaone Anorni. Ndinaona namwino. Ndiye ngati ulusiwo anapota kale, kanyundo n'kachiyaninso?"

Fabiano anayankha akuyang'ana pansi.

"Ndinalumbira pamanda a Kelvin, nditagwira nyundo imeneyi, kuti mwana wanga wina sadzagonanso wopanda mlonda. Kwa ife wophwanya lumbiro ndi woipa kuposa mfiti. Akafa amakazunzika m'mtsinje wa ululu wa njoka. Mukadula chingwe chimenecho, mwadula ine."

Triza sankaopa Thor. Iye ankakhulupirira neti, sikelo ndi madzi owiritsa. Koma ankakumbukira Fabiano wa masiku a maliro aja, wogona m'ngalande ndi fungo la kachasu. Chibwerereni kanyundoko, mwamunayo anasiya mowa, anayambanso kuseka. Amene kachitsuloko kankamulondera sanali mwana ayi, anali bambo.

Komabe Kelvin anapita ndi nyimbo, amayi a Chigwirizano atavala zoyera mpaka kumanda. Chimenecho chokha n'chimene chinamusunga Triza wamoyo. Nanga zitagwanso, mwana wosabatizidwa adzamuimbira ndani? Anaganiza zobisa kanyundoko m'thewera, koma mtima unakana. Mapanga awiri avumbwitsa.

Lamulungu m'mawa anatenga lumo. Sanabisale. Anatuluka ndi mwana pabwalo pomwe Fabiano ankapukuta njinga, nadula chingwecho iye akuona. Kanyundo anakaika pachishalo.

"Munalumbira ndinu, wadula ndine," anatero. "Njokazo zikalume ine."

Fabiano anatola kanyundoko, nakafumbata, kenako analiza njinga n'kulowera msewu wa ku Nsaru osacheuka.

M'tchalitchi Yonasi analira pomwe abusa ankamuthira madzi. Dontho limodzi linatsetsereka kuchokera pachipumi, kudzera kuseri kwa khutu, n'kukaima pa kamzere kotuwa komwe chingwe chinasiya pakhosi. Mayi Dorica anaimba nthungululu. Triza ankangotchera khutu kumsewu.

Pobwerera anapeza pabwalo pali zii. Chikho chija chinali gada patsinde pa mkuyu, nyerere zikuzungulira mkamwa mwake. Anachitola n'kuchitsuka bwinobwino, nadzazamo thobwa. Anayang'ana mtengowo kanthawi, koma sanathire. Anachiika pakhonde pomwe Fabiano amakonda kukhala, n'kuvundikira ndi mbale kuti fumbi lisagweremo.