Tsiku Limene Abwana Anavala Chipewa

Nélida Colque anali atayendetsa chigalimoto chonyamula miyala ya mkuwa kwa zaka khumi ndi zinayi pa mgodi wina kumtunda kwa tauni ya Calama. Kampani itabweretsa zipewa zatsopano, iye sanatsutse. M'kati mwa chipewa chilichonse munali tizitsulo togunda pamphumi, tomva mmene ubongo ukugwirira ntchito. Tulo tikayamba kumuba dalaivala, mpando unkanjenjemera, belu n'kulira. Belulo linali litapulumutsa kale mnzake Baldomero Aracena, yemwe anangotsala pang'ono kugwera kuphompho akusinza atakhuta nyemba.

Lolemba lina Nélida anaitanidwa ku ofesi. Bwana watsopano woyang'anira antchito, a Fermín Ossandón, anamulozera pa kompyuta mzere wokhotakhota wochokera ku chipewa chake.

"Mayi Colque, makinawa akuti maganizo anu amathawa pantchito, makamaka cha m'ma 3 koloko masana. Mumaganiza chiyani nthawi imeneyi?"

"Ndinagundapo chinthu, bwana?"

"Ayi."

"Ndinasinzapo?"

"Ayi, koma tikufuna tikuthandizeni."

Nthawi ya 3 koloko ija ndi imene Nélida ankafika pamwamba pokhuthulira miyala, pomwe msewu wopita kumudzi wa Chiu Chiu umaonekera patali. Kumeneko kunali bambo wina wamasiye, mlimi wa karoti, amene anamufunsira mbeta miyezi iwiri yapitayo. Nélida anali asanayankhe. Ngakhale mwana wake weniweni anali asanamuuze. Nkhaniyi ankaiphika yekha pamoto wochepa.

"Munalemba ntchito manja anga ndi maso anga, bwana," anatero. "Za m'mutumu sitinagwirizane."

Kuchipinda chodyera anapeza kuti si iye yekha amene anaitanidwa.

"Ine andiuza kuti ndimakwiya Lachinayi lililonse," anatero Baldomero akunyema buledi. "Ndani sangakwiye ndi supu wa Lachinayi?"

Anthu anaseka, koma dalaivala wina wachikulire sanaseke. Iye anaulula kuti sabata yonse wakhala akuyesetsa kusaganiza chilichonse, kumangowerenga miyala ya m'mbali mwa msewu, mpaka mutu kumuwawa. Tsiku lomwelo bungwe la antchito linaitanitsa msonkhano, ndipo linasankha Nélida kuti akawalankhulire.

Lachisanu m'mawa holo inadzaza. A Ossandón anafotokoza mwaulemu, akuonetsa zithunzi pakhoma, kuti makinawo sadziwa chimene munthu akuganiza, amangoona ngati mtima uli pantchito kapena ayi. Anamaliza ndi mawu akuti wopanda chobisa alibe choopa.

Nélida anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Mwalankhula bwino, bwana. Ndiye valani ichi, tizikambirana mzere wanu uli pakhomapo."

A Ossandón sanali munthu wofuna kuoneka wamantha. Anavala chipewacho, mayi woona za makina n'kuchilumikiza. Mzere unaoneka pakhoma, wowongoka bwino, ndipo abwana anamwetulira.

Apo Baldomero anadzuka ndi mapepala asanu ndi awiri a madandaulo a antchito. Ankawerenga ngati wansembe wotopa, liwu limodzilimodzi, ndipo anayambira pa supu. Asanamalize tsamba loyamba, mzere uja unayamba kuyendayenda.

"Abwana atithawa," wina ananong'ona mokweza kumbuyo. "Afika kale kunyanja ku Iquique."

Mzerewo unadumpha, anthu n'kufa nacho chikhakhali. Abwana anakhala tsonga, maso ali tong'o, koma Baldomero sanasinthe liwiro. Anadutsa pa nsapato zothina, pa fumbi la m'mabafa, pa basi yochedwa. Ali pakati pa tsamba lachinayi, belu linalira.

Holo yonse inagwedezeka ndi kuseka. Ena ankamenya mabenchi, mayi wa makina uja anabisa nkhope m'manja. A Ossandón anavula chipewacho makutu atafiira.

Nélida anadikira kuti phokoso lichepe.

"Za tulo takukhululukirani, bwana, a Baldomero amagoneka ndi agalu omwe. Koma pa tsamba loyamba paja, munkaganiza chiyani?"

"Zimenezo ndi zanga, mayi."

Atangotero anadzimva okha. Anayang'ana chipewa chija, anayang'ana anthu, kenako nawonso anayamba kuseka, akupukusa mutu.

Mapepala a mgwirizano anatenga milungu itatu, chifukwa akuluakulu a kampani ku Santiago anayamba akana. Koma a Ossandón anaima ndi antchito, ndipo pomaliza anagwirizana kuti chipewa chizingodzutsa wosinza basi. Chisasunge kanthu, chisatumize kanthu ku ofesi. Mizere yakale yonse inafufutidwa anthu atatu a bungwe akuonerera, Nélida ali pakati pawo.

Madzulo a tsiku losainira, basi yotsikira ku Calama inali ngati ya ku ukwati. Wina anagula ma empanada, timabuledi tokhala ndi nyama m'kati, dengu lathunthu, ankangopatsirana kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Baldomero anaima pakati pa mipando n'kulengeza kuti amene anapambana nkhondoyo ndi iye, ndipo masamba atatu otsala aja awawerenga pompo kuti asapite pachabe. Anthu anamugenda ndi mapepala okulungira chakudya mpaka anakhala pansi. Nélida anaseka mpaka misozi, mafuta akuyenderera m'zala, basi ikutsetsereka m'chipululu chofiira ndi dzuwa lolowa.