Botolo la Azakhali

Ntchito yanga ndi kuwerenga akangaude ofiira, tizilombo timene timayamwa masamba a tomato kunsi kwake. Ndimathyola masamba khumi m'munda uliwonse, n'kuwerenga ndi galasi mpaka maso kuwawa. Chaka chatha tinkayesa mankhwala atsopano m'minda isanu ndi umodzi. Isanu inalandira mankhwala enieni. Umodzi unayenera kulandira madzi okha, mwini wake osadziwa, kuti tione kusiyana.

Abwana athu, amene timawatcha a Chipewa, analoza papepala. "Uwu. Uli pamsewu, alendo sadzavutika."

Unali munda wa azakhali anga, amene anandilera. Ndinathira ndekha madzi m'botolo n'kudonthezamo utoto wachikasu. Sindinatsutse ngakhale pang'ono, galu ine.

Azakhali ankapopera Lolemba lililonse atamanga mpango pamphuno, ati mankhwalawo ndi aukali. Sabata yachitatu ndinapeza akangaude mazana awiri patsamba limodzi. Masamba anachita mawangamawanga, kenako anauma ngati owauka ndi moto, ulusi wa akangaude uli yangayanga.

"Mwanawe, kapena ndikagule ena kusitolo?" anandifunsa.

"Ayi azakhali, mungasokoneze zinthu. Limbani mtima."

Ndithu ndinanena zimenezo, mano ali panja.

Tsiku lachionetsero a Chipewa anabwera ndi alimi odzaza lole. Anawaimika m'munda mwa azakhali, n'kuthyola tsamba, kulifikisa m'manja, fumbi lokhalokha.

"Dzionereni nokha! Ulesi ndi umenewu. Munda wosapopera umatere."

Anthu anafa nalo phwete. Wina anati tomato ameneyu ngakhale mbuzi ikhoza kumulavula. Azakhali anakweza dzanja kuti alankhule, koma wojambula zithunzi anawauza kuti asunthe, akutchinga. Anasunthadi, n'kukaima m'ngalande.

Lole itapita ndinawapeza atakhala pachidebe, pampu yopopera ili pamiyendo, akutokosa kabowo kake ndi singano. Mtima unandiwawa koopsa.

"Minda ya anzanga yonse yabiriwira," anatero osandiyang'ana. "Ndiye kuti wolakwitsa ndine. Kaya ndi manjawa, kaya ndi maso, ukalamba uwu. Iwe unandipezera mwayi, ine ndakuchititsa manyazi." Anapukuta singano ija pansalu yawo. "Usakawauze abwana ako kuti ndine azakhali ako, wamva? Angakuchotse ntchito."